Canada Lee, m'busa wa m'kanema amene analowa ku Joni ngati wantchito

Inu mumaona munthu wakuda m'kanema n'kumayesa kuti zinali choncho chiyambire, koma alipo amene analambula njirayo ndi manja awo, ndipo mmodzi mwa iwo ndi Canada Lee, amene anabadwa mu 1907 ku New York, n'kukulira ku Harlem, makolo ake atamutcha Leonard Canegata.

Anali mwana wosakhazikika. Vayolini ankaliza bwino, koma ali ndi zaka 14 anathawa pakhomo kupita ku Saratoga kukakwera akavalo a mpikisano, ndipo thupi litamulemera anabwerera kwawo n'kuyamba masewera a nkhonya, kumene anapeza ndalama n'kumadya ndi anzake mpaka nkhonya ina inamuwononga diso limodzi. Pamene ankasiya mu 1933, dziko la America linali pa umphawi wadzaoneni, amuna a mphamvu zawo akufola mzere m'chisanu kudikira mbale ya supu ndi kabuledi. Njala ndiyo inamukankhira ku zisudzo.

Koma taonani mwayi wa munthu! Mu 1936 Orson Welles anakonza sewero la Macbeth ku Lafayette Theatre, ochita onse ali akuda, ndipo Lee anali Banquo. Mu 1941 anagwedeza Broadway monga Bigger Thomas mu sewero la Native Son, kenako mu 1944 Alfred Hitchcock anamuika mu kanema wa Lifeboat. Masiku amenewo wakuda ankapatsidwa mbali ya khukhi kapena chitsiru choseketsa azungu, koma iye ankalankhula mutu uli chilili. Analinso ndi kanyumba kodyera ku Harlem kotchedwa Chicken Coop, ndipo phindu silinkaoneka, chifukwa wobwera wopanda khobidi ankadya nkhuku n'kumapita. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Tsopano apa ndi pamene nkhaniyi imandigwira mtima. Mukudziwa kuti agogo anu ambiri anapita ku Joni, ena pa Wenela, ena wapansi kudutsa nkhalango za mikango, kugona m'mitengo, kamba wawo ali ufa ndi chiponde, ndipo ena anasanduka matchona, amayi awo n'kumwalira akuyang'ana kunjira. Buku la Alan Paton la 1948, Cry, the Beloved Country, limakamba za chisoni chamtundu womwewo: m'busa wokalamba, Stephen Kumalo, achoka kumudzi ku Natal kukafuna mwana wake amene anamezedwa ndi Johannesburg. Pamene Zoltan Korda anafuna kupanga kanema wa bukuli mu 1950, m'busayo anali Lee, ndipo mnzake anali kamnyamata kena, Sidney Poitier.

Ku Joni, kumene kanemayo ankajambulidwa, boma la tsankho linali litangokhala pampando. Kuti awiriwa aloledwe kulowa, pa zikalata analembedwa ngati antchito a Korda. Munthu amene ankaomberedwa m'manja ku Broadway sanaloledwe kugona m'hotela ya azungu, anakasungidwa kunja kwa tauni. Anaona ndi diso lake limodzilo zisakasa za malata, apolisi akufunsa pasi, anthu akuchita chinthenthe akamva galimoto usiku.

Atabwerera kwawo sanatseke pakamwa, monga sanatsekerenso pa za tsankho la ku America. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Kuyambira 1949 dzina lake linali litatchulidwa kale pakati pa oganiziridwa kuti ndi achikomyunizimu, ndipo ngakhale anakana poyera, mantha a nthawi imeneyo anali oti mnzako wodya naye mbale imodzi ankawoloka msewu akakuona. A wailesi ndi a kanema anasiya kumuitana. Anafuna kukagwira ntchito ku Ulaya, boma linamukaniza pasipoti, kwinaku magazi akuthamanga, impso zikufooka.

Anamwalira ku New York pa 9 May 1952, ali ndi zaka 45 zokha, ndipo kanema wa m'busa Kumalo ndiye anali wake womaliza.