Mmene Anthu a ku Scotland Anapulumutsira Nthano Zao

Aphunzitsi ndi ana a sukulu, nonse mudziwa dzina la David Livingstone, amene anamwalira pamudzi wa Chitambo m'dziko lathu lino m'caka ca 1873. Koma kodi mudziwa kuti iyenso ali mwana anali kumvetsera nthano monga inu? Agogo ace aamuna anacokera ku Ulva, cisumbu cacing'ono ca kumadzulo kwa Scotland. M'buku lace la mu 1857 Livingstone analemba kuti nthano za agogo acewo zinali zofanana ndi zimene anadzamva atakula, akuotha moto madzulo muno mu Afirika. Lero tiona mmene nthano za kwao kwa Livingstone zinatsalira pang'ono kutayika, ndi mmene zinapulumukira.

Anthu a kumapiri ndi kuzisumbu za Scotland anali kulankhula cinenero ca Gaelic, cosiyana kotheratu ndi Cingerezi. Kumeneko usiku umatalika m'nyengo yozizira, cotero anthu a pamudzi anali kusonkhana m'nyumba imodzi. Msonkhano wotere unali kuchedwa ceilidh. Amai anali kupota ubweya wa nkhosa, abambo nakonza zingwe ndi makoka, wina nakamba nthano za zimphona, za ngwazi yochedwa Fionn, ndi za akavalo a m'madzi omiza anthu. Ana anali kumvetsera cete, nasunga zonse m'mutu.

Zinthu ziwiri zinapasula mwambo umenewu. Coyamba, makamaka m'zaka zoyambirira za m'ma 1800, eni malo anacotsa mabanja ambiri m'midzi yao kuti aweterepo nkhosa. Ena anapita m'mizinda, ena naoloka nyanja kunka ku Canada ndi ku Australia. Caciwiri cinali sukulu. Lamulo la maphunziro la mu 1872 linalamula kuti ana onse aziphunzira, koma silinachule konse cinenero ca Gaelic, ndipo ana ambiri anakwapulidwa cifukwa colankhula cinenero ca makolo ao. M'caka ca 1891 olankhula Gaelic anali oposa 250,000. Pofika 2011 sanakwane 60,000. Cinenero cikamacepa, nthano zimasowa woziuza.

Mwamwai panapezeka anthu ena amene anaona ngoziyi. Mmodzi wa iwo anali John Francis Campbell wa ku cisumbu ca Islay. Iye anayenda m'midzi, natumanso anzace kukalemba nthano. Mwa omthandizawo munali Hector MacLean, amene anali mphunzitsi wa sukulu. Campbell anawalamula kulemba m'Gaelic mau enieni a wokambayo osawakometsa, ndiponso kulemba dzina lace ndi kwao. Nthanozo zinasindikizidwa m'mabuku anai pakati pa 1860 ndi 1862.

Komabe colembera sicigwira liu la munthu, kapena maimbidwe a nyimbo. Ici cinatheka atabwera makina ojambulira mau. Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 Calum Maclean anakumana ndi nkhalamba ina ya ku Benbecula, Angus MacMillan, imene inakamba nthano imodzi kwa maola asanu ndi anai, yonse yocokera m'mutu. M'caka ca 1951 Yunivesite ya Edinburgh inatsegula School of Scottish Studies, nchito yace ndiyo kusonkhanitsa ndi kusunga zinthu zotere. Mu 1953 Hamish Henderson, wanchito wa kumeneko, anapeza Jeannie Robertson mumzinda wa Aberdeen. Maiyu anali wa mtundu wa anthu oyendayenda ogona m'mahema, amene ambiri anali kuwanyoza. Koma anthu onyozekawo ndiwo anasunga nyimbo zakalekale zimene ophunzira anali kuzidziwa za m'mabuku cabe.

Kwa zaka zambiri matepi anakhala m'mabokosi, ndipo wofuna kumva anayenera kupita komwe anasungidwa. Mu 2010 anayamba kuwaika pa intaneti pansi pa dzina lakuti Tobar an Dualchais, ndiko kunena kuti citsime ca miyambo ya makolo. M'citsimemo muli zojambula za ku Edinburgh, za wailesi ya BBC ndi za ku cisumbu ca Canna, ndipo kumvetsera nkwaulere. Mungafune nthano mwa dzina la woikamba kapena mwa dera lace. Jeannie Robertson anamwalira mu 1975, koma liu lace mungalimve lero.

Aphunzitsi, ngati muli ndi foni kapena kompyuta, imbirani ana nyimbo ya amai a kuzisumbu pofewetsa nsalu yaubweya. Amaimenya pathebulo onse pamodzi, mmodzi natsogolera ena nabvomera. Afunseni ana ngati siyiwakumbutsa nyimbo za pamtondo.

Ndipo inu ana, taonani kuti zonsezi zinatheka cifukwa wina anakhala pansi namvetsera. Sabata ino pemphani agogo anu nthano imodzi. Muilembe m'cinenero cimene aikambira, osasintha mau ao. Pamwamba pace mulembe dzina lao, mudzi wao ndi tsiku, monga anacitira mphunzitsi Hector MacLean, ndipo mubwere nayo m'kalasi.