Mbiri ya Cakudya Coonjezera ca Ana Opinimbira

M'midzi mwathu tikaona mwana wa zaka zitatu wokhala ndi msinkhu wa mwana wa zaka ziwiri, timati, "Watengera ambuye ace, kwao ngaafupi." Nthawi zina nzoonadi, koma kawiri kawiri sikutengera ai, mwanayo wapinimbira. Pa kalembera wa zaumoyo wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa ana 100 a m'Malawi osafika zaka 5, ana 37 anali opinimbira. Cifukwa cace tifuna kulongosola mmene madotolo anayesera kuthetsa bvutoli ndi cakudya coonjezera, ndi zimene anaphunzira.

Kuyesa koyamba kumene tinene kunacitika kutali, m'dziko la Guatemala ku America, kumene anthu adya cimanga monga ife. Kuyambira 1969 kufikira 1977 madotolo anasankha midzi 4. M'midzi iwiri anapatsa amai apakati ndi ana phala lothira mkaka, lochedwa atole. M'midzi iwiri yinayo anapatsa cakumwa ca shuga copanda mkaka. Pofika zaka zitatu ana akumwa phala anali atapambana anzao msinkhu, koma amene anapitirira zaka zitatu phalalo silinawatalikitse. Ndipo mu 2008 kunadziwika kuti amuna amene anamwa phala lija asanafike zaka ziwiri analikulandira malipiro oposa a anzao pa nchito zao.

Cakudya caciwiri ticidziwa tonse, ndico ciponde ca ku cipatala. Mu 1996 dotolo wa ku France, André Briend, anasanganiza mtedza wopera, mkaka waufa, mafuta, shuga ndi mavitamini. Popeza mulibe madzi, siciola msanga, ndipo sicifuna kuphika. Mu 2001 dotolo Mark Manary anayamba kucipereka ku Blantyre kuti amai akadyetse ana ao oonda kwao, osagona nao m'cipatala masabata ambiri. Ndipo unyinji wa anawo unacira.

Pamenepo anthu anati, "Ngati ciponde cibweza mnofu, kodi sicingatalikitsenso mwana?" Tsono ku Mangochi anayesa kupatsa ana a miyezi 6 kaciponde pang'ono tsiku ndi tsiku kwa caka cathunthu. Koma mu 2015 analengeza kuti anawo sanapambane anzao msinkhu. Mu 2018 anayesanso komweko dzira limodzi pa tsiku, koma msinkhu sunasinthe. Pambuyo pace, mu 2021, akatswiri anasonkhanitsa zoyesa 14 za m'maiko osiyana, napeza kuti kaciponde kaja kathandizadi, koma pang'ono: mwa ana 100 amene akadapinimbira, monga 12 anapulumuka.

Nanga mbiri iyi itiphunzitsa ciani? Itiphunzitsa kuti mnofu ubwerera m'masabata owerengeka, koma msinkhu umangika pang'ono pang'ono, kuyambira m'mimba mwa amace kufikira mwana atakwanitsa zaka ziwiri, ndiwo masiku ngati 1,000. Mai wapakati akasowa cakudya, kapena mwana akamadwala malungo ndi kutsegula m'mimba kawiri kawiri, kapaketi kamodzi sikangabweze zonse zotayikazo. Makolo athu ananena zoona kuti m'mera mpoyamba.

Cotero, abale, tisapeputse ciponde kapena phala la Likuni pamene a cipatala atipatsa. Adye mwana yemweyo anamlembera, asagawane banja lonse. Koma tisayembekeze izo zokha. Mai wapakati asakhale wotsiriza pa mbale ya ndiwo. Mwana ayamwe bere lokha miyezi 6, ndipo pambuyo pace phala lace likhale la mgaiwa, lolimba, lothira nsinjiro kapena usipa wosinja, uku akuyamwabe. Amwe madzi abwino, agone m'neti. Ndipo inu atate, musanagulitse mtedza wonse ku msika, yambani mwapatula thumba la mwana, pakuti zaka ziwiri zija zikapita sizibweranso.