Maliro ndi Cikho pa Gombe la Libreville

Pa 27 April, 1993, ndeke ya asilikali a Zambia yochedwa Buffalo inanyamuka pa Lusaka kupita ku Dakar, kumene anyamata a mpira wa miyendo anali kukakomana ndi Senegal pa mpikisano wa Cikho ca Dziko Lonse. Itaima pa Brazzaville ndi pa Libreville, inaulukanso usiku, koma isanapite patali injini ya kumanzere inagwira moto. Lipoti la Boma la Gabon la caka ca 2003 linanena kuti woyendetsa, pokhala wotopa, anazima injini ya kumanja imene inali yabwino. Ndekeyo inagwera m'nyanja, ndipo anthu onse 30 anafa, mwa iwo osewera 18.

Ambiri a iwo anali ana a ku migodi. Efford Chabala anali kugwira pa golo ku Mufulira Wanderers. Godfrey Chitalu, mphunzitsi wao, anabadwira ku Luanshya. M'mawa mwace wailesi inafalitsa uthengawo kucokera ku Kitwe kufikira ku Lundazi, m'malire a Malawi, ndipo Acewa, Atumbuka, Abemba, Atonga ndi Alozi analira maliro amodzi. Akufawo anaikidwa pafupi ndi Independence Stadium mu Lusaka, pamalo pamene pachedwa Heroes' Acre.

Pa maliro ndi pamene munthu adziwa abale ace. Dziko la Denmark linaitana osewera atsopano kukakonzekera kumeneko pansi pa mphunzitsi Roald Poulsen, ndipo Britain inatumiza Ian Porterfield. Kalusha Bwalya, amene sanakwere ndekeyo cifukwa anali pa nchito ku PSV Eindhoven ku Holland, ndiye anatsogolera timu yatsopano. Mu July, 1993, anagonjetsa Morocco 2-1 mu Lusaka. Mu 1994 anafika pa masewera otsiriza a Cikho ca Africa ku Tunis, koma Nigeria inawapambana 2-1.

Panapita zaka 18 cikhoco cisanabwere. Mu 2012 masewera otsiriza anaikidwa mu Libreville momwemo. Asanalowe m'bwalo, osewera ndi mphunzitsi wao Hervé Renard, pamodzi ndi Kalusha, anatsikira ku gombe, naponya maluwa pa madzi amene anameza anzao. Pa 12 February anakomana ndi Ivory Coast, timu ya akatswiri omveka. Didier Drogba anaphonya penate, nthawi inatha popanda cigoli, ndipo pa mapenate Stoppila Sunzu anamwetsa cotsiriza. Zambia inapambana 8-7, Christopher Katongo nanyamula cikho.

Usiku umenewo anthu anabvina m'misewu osafunsana mtundu. Komabe akazi amasiye ndi ana a akufa aja anadziwa cinthu cimene khamu likhoza kuiwala: cikho sicidzutsa munthu m'manda. Umodzi wa pa bwalo la mpira ndi weniweni, koma sukhalitsa. Caka camawa omwe anakumbatirana alimbananso.

Pa cifukwa ici Akristu, pokumbukira tsiku la 28 April caka ndi caka pa manda aja, ayang'ana patsogolo. Buku la Cibvumbulutso, pa mutu 7, lisimba za khamu losawerengeka la anthu a mitundu ndi zinenero zonse atasonkhana pamaso pa Mulungu, ndipo pa mutu 20 liphunzitsa kuti ngakhale nyanja idzabweza akufa ace. Kwa wokhulupirira, bwalo lodzala ndi alendo a maiko ambiri ndi cithunzi cabe ca msonkhano umenewo. Kumeneko sikudzakhala wopambana ndi wogonja, ndipo mai amene anaperekeza mwana wace ku Heroes' Acre ayembekeza kudzamuonanso.