Meyi wa ku Thekerani

Ku Thekerani, Meyi unkabweza abambo athu kunyumba. Mvula ikatha, tiyi amachepa kuphukira, ndipo ambiri othyola masamba m'maesiteti ankauzidwa kuti adikire Disembala. Agogo, Alomwe amene anachokera ku Mozambique n'kugwira thangata, ankati umenewu ndiwo mwezi woona ana.

Ntchito inali kukolola ndi kuika chimanga m'nkhokwe. Amayi ankakonola mu mtondo, n'kuviika mphale masiku angapo, chifukwa chigayo chinali kutali. Kalongonda ankamuphika tsiku lonse, akumataya madzi ake n'kuthira ena, apo ayi mwana aledzera naye. Chiperoni chikatsika, tinkaunjikana pamoto, koloboyi akufuka utsi.

Pa 14 Meyi, tsiku la Kamuzu, wailesi ya Nzeru inkatulutsidwa pakhonde kuti timve MBC. Mabatire ofooka tinkawayanika padzuwa. Pambuyo pa 1994 tchuthicho chinachotsedwa, Bingu n'kudzachibwezeretsa.

Chimandiwawa ndi nthochi. Ndizo zinkagula mchere ndi palafini ntchito ya tiyi ikatha, mpaka matenda a chisaka anadzapululutsa minda yathu. Masiku ano ndalama ya tochi ndi yotchajitsira foni mabanja ambiri amayembekezera pa nandolo.