Fuluwenza ya 1918 ndi Zimene Inaphunzitsa Masukulu

Chaka cha 1918 chinatha ndi maliro aŵiri: a nkhondo ndi a mliri. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse isanathe, chimfine choopsa chimene anthu a kuno anachitcha fuluwenza chinali chitafika kale mu Africa. Chinatsikira pa doko la Freetown mu Ogasiti, ndipo mu Seputembala chinaloŵa ku Durban ndi ku Cape Town. Ku South Africa kokha anthu pafupifupi 300,000 anamwalira m'masabata ochepa chabe. Dziko lonse lapansi linataya anthu pafupifupi 50 miliyoni.

Nthendayi inkatsata njira za anthu. Asilikali a Germany otsogozedwa ndi von Lettow-Vorbeck anaoloka mtsinje wa Rovuma mu Novembala 1917, ndipo kwa miyezi yambiri nkhondo inali m'kati mwa Mozambique. Amuna ambirimbiri anagwidwa utengatenga, kusenza katundu wa asilikali. Ena anali ku migodi ya ku Joni. Pofika Novembala 1918 mliri unali utaloŵa ku Nyasaland, ndipo obwerera kwao anaufikitsa m'midzi osadziŵa. Madzi saiŵala khwaŵa. Ku Mecanhelas, pakati pa nyanja za Chilwa ndi Chiuta, anthu amaoloka malire tsiku ndi tsiku kukagula, kukagulitsa ndi kukaona abale, ndipo sitima imadutsa pa Entre Lagos kupita ku Nayuchi. Chimfine chikabuka tsidya lina, sichifunsa chiphaso.

Mu 1918 madokotala sankadziŵa chenicheni choyambitsa nthendayi. Kachilombo kake kanapezeka mu 1933 ku London. Popeza kunalibe katemera, mizinda inalimbana nayo ndi nzeru zina, ndipo masukulu anali pakati pa mkanganowo. Mzinda wa St. Louis ku America unatseka masukulu, matchalitchi ndi malo a zisangalalo mliri utangoyamba. Philadelphia inalola chionetsero chachikulu mumsewu pa 28 Seputembala 1918, ndipo inataya anthu ochuluka kwambiri kuposa St. Louis. New York inasankha njira yachitatu: masukulu sanatsekedwe, koma m'maŵa uliwonse ana ankaunikidwa, ndipo wooneka kuti akudwala ankapatulidwa kwa anzake. Njirazi zinali zosiyana, koma kumene kunathandiza kunali kuchita msanga.

Funso lomweli linabweranso mu 2009 ndi chimfine cha H1N1, ndiponso mu 2020, pamene masukulu a mu Mozambique anatsekedwa pa 23 Malichi chifukwa cha Covid-19. Kutseka kumatchinjiriza, koma kuli ndi mtengo wake. Mwana akakhala pakhomo miyezi yambiri amaiŵala kuŵerenga, ndipo ena sabwereranso m'kalasi. Nchifukwa chake njira ya New York ikadali ndi phindu kwa mphunzitsi wa kumudzi.

Lero zambiri zikudziŵika. Kachilomboka kamayenda m'timadontho ta chifuwa ndi kuyetsemula, ndipo kamaonetsa zizindikiro pakapita tsiku limodzi mpaka anayi. Ana amakafalitsa masiku ambiri kuposa akulu, makamaka nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi pamene mawindo amakhala otseka. Mwana wotentha thupi ayenera kukhala kunyumba mpaka patapita tsiku lathunthu thupi litazizira, komanso akayezedwe malungo, popeza zizindikiro zake zimafanana. Wopuma mofulumira kapena movutikira apite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Aspirin si wa ana odwala chimfine. Mawindo otsekula, mpondagiya ndi sopo pakhomo la kalasi, ndi kuleka kumwera chikho chimodzi, zimachepetsa odwala.

Uthenga wotere umagwira ntchito ukamveka. Kuyambira pa ntchito ya PEBIMO ya 1993 mpaka 1997, imene inayesa kuphunzitsa m'Chinyanja ku Tete ndi m'Chishangana ku Gaza, zaoneka kuti ana amafunsa ndi kuyankha momasuka m'chilankhulo chao. Mwana amene angathe kuuza aphunzitsi kuti mutu ukumuŵaŵa amadziŵika msanga. Amene wamva m'Chinyanja chifukwa chotsekera pakamwa pokhosomola amakafotokozera agogo ake madzulo. Anthu a mu 1918 analibe katemera, analibenso chidziŵitso cha chimene chinkawapha. Mphunzitsi wa zilankhulo ziŵiri ali nacho chidziŵitsocho, ndipo ali nalo lilime lokachifikitsa pakhomo.