N'CHIFUKWA CHIYANI PULEZIDENTI AMAKHALABE PAMPANDO ANTHU ATATOPA NAYE?

Mawu oyamba

Pali funso limene timalimva kawirikawiri m'miphakati yathu, pamsika wa Nsaru, pachigayo ku Namitete, ngakhalenso pamaliro ku Kabudula: "Ngati anthu ambiri atopa naye mtsogoleri wa dziko, bwanji sakuchoka?" Funsoli linamveka m'chaka cha 2011 pamene mafuta a galimoto anasowa mu ulamuliro wa Bingu wa Mutharika. Linamvekanso mu 2019 pa nthawi ya Peter Mutharika, ndiponso mu 2023 pamene mitengo ya zinthu inakwera mu ulamuliro wa Lazarus Chakwera. Talemba nkhaniyi kuti akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati akhale ndi yankho lochokera m'malamulo a dziko, osati m'mphekesera, pakuti kuno kwathu mkwiyo wa ndale unatayitsapo moyo ndi kusiya mabala amene sanapole.

Kafukufuku si chisankho

Tikamva pa wailesi kuti anthu ambiri sakukhutira ndi pulezidenti, nkhaniyo imachokera ku akafukufuku amene amafunsa maganizo a anthu osankhidwa m'zigawo zonse za dziko. Bungwe lodziwika pa ntchitoyi ndi la Afrobarometer, limene pa kafukufuku wake wa mu 2022 linafunsa Amalawi 1,200, ndipo pafupifupi anthu 9 mwa 10 alionse anati dziko silikulowera kwabwino. Kafukufuku wotere ndi wothandiza, chifukwa amaonetsa atsogoleri zimene zili m'mitima ya anthu. Koma pamaso pa lamulo alibe mphamvu ina iliyonse. Palibe gawo la malamulo limene limati pulezidenti atule pansi udindo anthu omukonda akachepa.

Nthawi yoikika ya zaka zisanu

Malamulo oyendetsera dziko lino, amene anayamba kugwira ntchito mu 1994 ndi kukhazikitsidwa kotheratu mu 1995, amanena pa gawo 83 kuti pulezidenti alamulire zaka zisanu, ndipo asapitirire maulendo awiri otsatizana. Ufumu wa kumudzi ndi wosiyana: nyakwawa imasankhidwa ndi akuluakulu a kumtundu, ndipo ufumu wake ulibe tsiku lothera. Pulezidenti amasankhidwa ndi mtundu wonse, ndipo tsiku lothera udindo wake limadziwika iye asanalumbire n'komwe.

Lamuloli lili ndi mbali ziwiri. Limateteza pulezidenti kuti asachotsedwe chifukwa choti mvula yavuta kapena fetereza wakwera mtengo. Likanakhala losatero, dziko likanamachita chisankho chaka ndi chaka, ndipo palibe ntchito ya chitukuko imene ikanatha. Komanso lamulo lomweli limateteza ife anthu, kuti zaka zikakwana mtsogoleri abwerere kwa eni mphamvu kukapemphanso chilolezo. Kamuzu Banda analengezedwa kukhala pulezidenti wamuyaya mu 1971, ndipo amene analemba malamulo atsopano anafuna kuti zotero zisadzachitikenso.

M'maiko ena zinthu zimayenda mwina. Ku Britain nduna yaikulu imakhala paudindo malinga ngati aphungu a chipani chake akuikhulupirira, n'chifukwa chake Liz Truss anachoka mu 2022 asanathe miyezi iwiri. Ku South Africa pulezidenti amasankhidwa ndi aphungu, ndipo Thabo Mbeki mu 2008 ndi Jacob Zuma mu 2018 anatula pansi udindo chipani chawo cha ANC chitawakana. Kuno ku Malawi pulezidenti amavoteredwa ndi anthu mwachindunji, choncho chipani chake kapena aphungu sangamuchotse pongonena kuti asiya kumukhulupirira.

Njira zimene mpando ungatsalire wopanda munthu

Zaka zisanu zisanakwane, pulezidenti angachoke m'njira zinayi zokha. Yoyamba ndi imfa, monga zinachitikira pa 5 Epulo 2012 pamene Bingu wa Mutharika anamwalira. Yachiwiri ndi kutula pansi udindo mwa kufuna kwake. Yachitatu ndi matenda olepheretsa kugwira ntchito, amene gawo 87 limafuna kuti atsimikizidwe ndi gulu la madokotala oima paokha. Yachinayi ndi kuzengedwa mlandu ndi Nyumba ya Malamulo, malinga ndi gawo 86.

Njira yachinayiyi ndi imene anthu amaitchula kwambiri, koma khomo lake ndi lopapatiza. Mlandu wake uyenera kukhala wophwanya kwambiri malamulo oyendetsera dziko kapena malamulo ena olembedwa. Kulephera kuyendetsa chuma, kusasunga malonjezo a pa kampeni, kapena kulankhula mwamwano, si milandu pa gawo limeneli. Kuonjezera apo, pamafunika magawo awiri mwa magawo atatu a aphungu onse kuti mlandu uyambe, ndiponso chiwerengero chomwecho kuti pulezidenti apezeke wolakwa. Kuyambira pa chisankho cha 2025 Nyumba ya Malamulo ili ndi mipando 229, kutanthauza kuti pangafunike aphungu 153. Pulezidenti amene ali ndi aphungu 77 okhulupirika kwa iye sangachotsedwe m'njirayi.

Tidziwenso kuti mpando ukatsala wopanda munthu, amene amamaliza zaka zotsalazo ndi wachiwiri kwa pulezidenti, osati mtsogoleri wa chipani chotsutsa. Umu ndi mmene Joyce Banda analumbirira pa 7 Epulo 2012. Ichi chimafooketsa aphungu otsutsa, chifukwa amadziwa kuti angalime munda woti akolole ndi wina.

Zimene zinachitika mu 2005

Bingu wa Mutharika anapambana chisankho cha 2004 ndi mavoti pafupifupi 36 pa 100 alionse, ataimira chipani cha UDF. Mu Febuluwale 2005 anatuluka m'chipanicho n'kuyambitsa cha DPP. Aphungu otsutsa anali ambiri m'Nyumba ya Malamulo ndipo anayamba ndondomeko yomuzenga mlandu. Mkangano wake unali woopsa kotero kuti mu Juni chaka chomwecho Sipikala Rodwell Munyenyembe anagwa m'nyumbamo mkati mwa zokambirana, ndipo anamwalira patapita masiku ochepa. Mu Okutobala bwalo lalikulu la milandu linaimitsa ndondomekoyo, ndipo nkhani yonse inathera m'njira. Mu 2009 mtsogoleri yemweyo anapambana ndi mavoti pafupifupi 66 pa 100 alionse. Patangotha zaka ziwiri, pa 20 Julayi 2011, anthu anadzaza misewu kumutsutsa, ndipo anthu pafupifupi 20 anaphedwa. Apa tikuona kuti chikondi cha anthu pa mtsogoleri chimadzaza ndi kuphwa ngati mtsinje wa Namitete, pamene lamulo limakhala pomwepo.

Zifukwa zina zosalembedwa m'malamulo

Choyamba, pulezidenti ndiye amasankha nduna, akazembe, akulu a asilikali ndi apolisi, ndi oyendetsa mabungwe a boma. Phungu amene akuyembekezera unduna, kapena msewu ndi mjigo m'dera lake, savotera kuchotsa mwini nkhokwe. Aphungu ambiri oima paokha amathamangira kumbali ya boma chisankho chikangotha. Gawo 65 limati phungu wosankhidwa pa chipani china akalowa chipani chinanso cha m'Nyumbamo ataye mpando, koma lamuloli lakhala likutsatidwa mwa apo ndi apo. Gawo 64, limene linkapatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo nthawi isanakwane, linafafanizidwa ndi aphungu eni ake mu 1995.

Chachiwiri, mtsogoleri sadedwa mofanana ponseponse. Pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, Amalawi pafupifupi 63 pa 100 alionse anasankha ndale za zipani zambiri, koma m'chigawo chathu cha pakati ambiri anavotera chipani chimodzi. Amene akunyozedwa ku Mpingu akhoza kukhala akuimbiridwa nyimbo ku Thyolo, ndipo amene akunyozedwa ku Thyolo akhoza kukhala akuvinidwira ku Nambuma. Tikamati "aliyense watopa naye", nthawi zambiri timanena za anthu a m'mudzi mwathu ndi a pamsika pathu.

Chachitatu ndi kugawikana kwa otsutsa. Mu 2014 Peter Mutharika anapambana ndi mavoti 36 pa 100 alionse, kutanthauza kuti ovota ambiri sanamusankhe, koma anamwaza mavoti awo kwa anthu osiyanasiyana.

Chachinayi, asilikali a dziko lino sanalandepo boma chilandirireni ufulu wodzilamulira mu 1964. Ichi ndi chinthu choyamika, pakuti m'maiko amene mfuti inachotsa mtsogoleri wosakondedwa, inakhazika wina amene sanavoteredwe ndi aliyense.

Phunziro la ku Msundwe

Chisankho cha pa 21 Meyi 2019 chinapatsa Peter Mutharika mavoti 38.6 pa 100 alionse, Lazarus Chakwera 35.4, ndi Saulos Chilima 20.2. Otsutsa anakana zotsatirazo ndipo zionetsero zinachitika kwa miyezi yambiri. Pa 8 Okutobala 2019 wapolisi anaphedwa ndi miyala ku Msundwe, pa msewu wa ku Mchinji. Pambuyo pake amayi ndi atsikana a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu anachitidwa nkhanza zochititsa manyazi ndi apolisi ena, ndipo mu Ogasiti 2020 bwalo lalikulu la milandu linalamula kuti 18 mwa iwo apatsidwe chipukutamisozi. Banja la wapolisi uja linataya bambo, amayi aja anataya ulemu wawo, koma pulezidenti anakhalabe pampando.

Chimene chinasintha zinthu ndi umboni umene unaperekedwa kubwalo: mapepala a zotsatira ofufutidwa ndi Tipp-Ex, ndi mboni zimene zinaona kuwerenga kwa mavoti. Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu anafafaniza chisankhocho, ndipo pa 8 Meyi bwalo la apilo linagwirizana nawo. Mabwalowa anatanthauziranso gawo 80 kuti wopambana ayenera kupeza mavoti oposa theka la mavoti onse. Kuyambira pamenepo palibe amene angalowe m'boma ndi mavoti 36 pa 100 monga kale.

Khomo limene latsegukadi

Ngakhale palibe pulezidenti amene anachotsedwapo ndi aphungu kuno ku Malawi, anayi anachotsedwa ndi voti ali pampando. Kamuzu Banda anagonja kwa Bakili Muluzi pa 17 Meyi 1994, patatha zaka ziwiri chiwerengedwereni m'matchalitchi kalata ya maepiskopi ya pa 8 Malichi 1992. Joyce Banda anagonja mu 2014. Peter Mutharika anagonja pa 23 Juni 2020. Lazarus Chakwera, mwana wa kuno kwathu ku Malembo, amene ulamuliro wake unaona kwacha ikuchepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, anagonja pa 16 Sepitembala 2025. Anapeza mavoti 33 pa 100 alionse pamene Peter Mutharika anapeza pafupifupi 57, ndipo anavomereza kugonja zotsatira zisanalengezedwe.

Nawo malire a maulendo awiri anayesedwapo. Pa 4 Julayi 2002 bilu yofuna kuchotsa malirewo kuti Bakili Muluzi aimenso inapeza aphungu 125, ndipo inaperewera ndi mavoti atatu okha. Mipingo, bungwe la PAC ndi mabungwe ena anali atatsutsa biluyo poyera. Lamulo la magawo awiri mwa atatu, limene limateteza pulezidenti kuti asachotsedwe wamba, ndi lomwenso linamuletsa kudziwonjezera zaka.

Mawu otsiriza

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha si kukhala manja lende. Pakati pa chisankho china ndi chinzake tili ndi ufulu wodzudzula, wofunsa phungu ndi khansala wathu za ndalama za chitukuko, wokasuma kubwalo la milandu, ndi wochita zionetsero mwamtendere popanda zida, monga gawo 38 likunenera. Nthawi ya kalembera ikafika tikalembetse, tisunge chiphaso chathu, tikane kugulitsa voti ndi nsalu kapena thumba la ufa, ndipo amene angathe adzipereke kukaonerera kuwerenga kwa mavoti pasukulu ya kwawo. Chotero wina akadzafunsa pamphakati kuti bwanji pulezidenti sakuchoka, timuyankhe kuti lamulo linamupatsa zaka zisanu, ndipo timufunsenso mwaulemu ngati iye mwini analembetsa m'kaundula wa voti.