Dontho la Oyilo Pansi pa Thiraki

Injini ya thiraki yaikulu imamwa oyilo malita oposa 30. Ikalira, pampu imamuthamangitsa m'timipata tonse atatentha kufika madigiri pafupifupi 100, ndipo oyilo wotere sasowa potulukira. Malo ambiri savuta kutseka: zitsulo ziwiri zosayenda, gasiketi pakati, mabawuti n'kumanga. Pamene pavuta ndi pa crankshaft, chitsulo chimene mapisitoni amazunguza. Chimayenera kutulukira kunja, kutsogolo ndi kumbuyo komwe, ndipo thiraki ikakhala paulendo chimazungulira maulendo pafupifupi 1,500 pamphindi imodzi. Kutseka bowo limene mukudutsa chinthu chozungulira choncho kwazunguza mitu ya amisiri kwa zaka zoposa 100.

Injini ya Rudolf Diesel, imene inayamba kuyenda bwino ku Augsburg mu 1897, inali yoima malo amodzi, ndipo woisamala sankasiyana ndi kachitini ka oyilo ndi kansanza. Kudontha sikunkadandaulitsa munthu. Zinthu zinasintha pamene makampani a Benz ndi MAN anaika injini za dizilo m'malole mu 1923 ndi 1924. Tsopano injini inkagwedezeka, kukwera mitunda ndi kupuma fumbi, ndipo oyilo wotayika ankathera pamsewu kapena pa kilatchi.

Zotsekera za nthawi imeneyo zinali zosalimba. Pa crankshaft ankaikapo nsalu yokhuthala ya ubweya, kapena chingwe cha asbestos chopaka graphite chimene makanika ankakanikizira m'kangalande n'kudula nsonga zake ndi mpeni. Ena ankangosema mizere yopotana pachitsulopo kuti chikamazungulira chizibwezera oyilo mkati. Magasiketi anali a pepala lolimba, a khungwa la mtengo wa cork, kapena a kopa wokutira asbestos. Makanika ankadzidulira yekha gasiketi: pepala pamwamba pa chitsulo, kahamala ka mutu wobulungira m'manja, kugogoda m'mphepete pang'onopang'ono mpaka pepalalo litaduka lokha. Luso limeneli silinafe. M'magalaja a ku Ndirande ndi ku Biwi limapulumutsabe galimoto imene sipeya yake yasowa.

Chimene chinasintha ntchitoyi chinachokera kwa ofufuta zikopa. Kampani ya Freudenberg ya ku Weinheim, ku Germany, inagwa m'mavuto pamene chuma cha dziko lonse chinasokonekera mu 1929 ndipo zikopa zinatsika mtengo. Inayamba kupanga zotsekera oyilo kuchokera ku zidutswa zotsala. Mmisiri wake, Walther Simmer, anaika mphete ya chikopa m'kachibekete ka chitsulo, n'kuizunguliza kasipuling'i kakang'ono kokanikiza chikopacho pa shaft. Mu 1932 inali pamsika ndi dzina loti Simmerring. Ku America nakonso inali kampani ya zikopa, Chicago Rawhide, imene inatsogola pa malonda omwewa. Oil seal imene makanika amagula lero ndi mdzukulu wa mphete imeneyo, maonekedwe ake sanasinthe kwenikweni.

Chikopa chinkauma ndi kutentha. Chinalowedwa m'malo ndi mphira wopangidwa m'fakitale wotchedwa nitrile, amene asayansi a IG Farben anatulukira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 ndipo sasungunuka mu oyilo. Kenako kampani ya DuPont inabwera ndi Viton chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, mphira wopirira madigiri pafupifupi 200. Chodabwitsa n'chakuti seal yabwino situlutsiratu oyilo yense pamlomo wake. Mlomowo umayandama pa oyilo wochepa kwambiri, wosaoneka ndi maso, ndipo akasowa umapsa n'kung'aluka. N'chifukwa chake amakanika akale ankaphunzitsa anyamata awo kuti seal isalowe youma.

Komabe panali injini zimene kudontha kunali chibadwa chake. Series 71 ya General Motors, imene inatuluka mu 1938 ndipo inadzatchuka ndi dzina la Detroit Diesel, inali ya two-stroke. Chopemerera chinkakankhira mpweya m'chipinda chozungulira masilinda, ndipo oyilo amene ankasonkhana m'menemo ankatulukira dala pa timapaipi toloza pansi. Madalaivala a ku America ankaseka kuti Detroit ikasiya kudontha ndiye kuti oyilo watha. Injinizi zinayendetsa mabasi, malole ndi maboti ankhondo kwa zaka zambirimbiri, ndipo palibe amene ankaziona ngati zodwala.

Injini zinanso zonse zinali ndi paipi yopumira, breather, yoloza pamsewu. Apa ndi pamene pagona chinsinsi chimene makanika wopupuluma amachiphonya mpaka lero. Mphamvu ya dizilo ikaphulika musilinda, mpweya wina umazembera maring'i a pisitoni n'kutsikira ku sump, mosungira oyilo kunsi kwa injini. Maring'i akatha mpweyawo umachuluka, ndipo breather ikatsekeka ndi matope umasowa kolowera, n'kukankha oyilo pa seal iliyonse yofooka. Wosintha seal asanayeze mpweya umenewu wangodya ndalama za mwini thiraki. Pakapita milungu yochepa dontho limabwerera.

Ku Malawi ntchito yotseka kudontha kwa oyilo inakula ndi nkhondo ya ku Mozambique. Kale pafupifupi katundu yense wolowa ndi kutuluka m'dziko ankayenda pa njanji za ku Beira ndi ku Nacala. Pofika mu 1984 zonse ziwiri zinali zitaduka, ndipo fodya, tiyi, shuga, feteleza ndi mafuta zinakwera mathiraki. Ena ankadutsa pa Mwanza ndi Zobue kulowa ku Tete pamdipiti woperekezedwa ndi asilikali a Zimbabwe, ulendo wa ku Durban wa makilomita oposa 2,000. Ena ankalowera kumpoto, ku Dar es Salaam. Thiraki yochucha oyilo panjira ya ku Tete sinali nkhani ya ukhondo ayi, chifukwa kuima kunali kuika moyo pachiswe. Pangano la mtendere linasainidwa ku Rome mu October 1992, koma katundu wambiri anakhalabe pamsewu.

Maulendo otere amaonetsa chilema chimene seal yatsopano yokha siichiza. Fumbi likamatirira pamlomo wa seal limasema kangalande pa crankshaft, ndipo seal ina ikalowa pomwepo imachucha. Mankhwala ake ndi kuveka chitsulocho kamphete kopyapyala, sleeve, kapena kukhazika seal mkati pang'ono kuti mlomo ugwire malo osalala. Seal yakumbuyo ndiyo yowawa: yotsika mtengo, koma kuti uifikire uyenera kutsitsa giyabokosi, kilatchi ndi flywheel. Makanika wanzeru amayamba watsuka injini yonse n'kuiliza, chifukwa oyilo wochokera pa tappet cover kapena pa paipi ya turbo amatsetsereka n'kukadonthera kumbuyo komweko. Magalaja okhala ndi zipangizo amathira utoto wapadera mu oyilo n'kuunika ndi nyali ya ultraviolet.

Silikoni wa m'chubu, wopaka m'malo mwa gasiketi, anabwera ngati mpulumutsi, ndipo wapha injini zambiri. Akachuluka amafinyikira mkati, n'kudukaduka, n'kukatseka sefa yoyamwira oyilo mu sump.

Mathiraki a Freightliner ndi International amene amalowa kuchokera ku South Africa, okhala ndi injini za Cummins kapena Detroit Series 60 imene inatuluka mu 1987, anabweretsa lamulo lotsutsana ndi la amakanika akale aja. Seal zambiri za pa crankshaft zake ndi za Teflon, ndipo zimafuna chitsulo chouma ndi choyera, popanda oyilo kapena girisi, kuti Teflon wina amatirire pachitsulopo n'kutseka mpata. Wopaka oyilo mwachizolowezi amatsitsanso giyabokosi kachiwiri.

Breather nayo inasintha. Kuyambira mu 2007 malamulo a ku United States anayamba kuwerengera utsi wa mu sump pamodzi ndi wa ku ekizozi, ndipo opanga injini anaika sefa pabreather yogwira oyilo n'kumubwezera mkati. Sefayo ili ndi nthawi yake yosinthira. Ikaiwalika imatsekeka, mpweya n'kuchuluka mu sump, ndipo pa injini ngati Cummins ISX kompyuta imayatsa nyali yochenjeza dalaivala seal zisanayambe kutaya.